Lipoti la msonkhano wa malamulo a ntchito ya ulonda ku Braamfontein

Apampando, akuluakulu a komiti, abale ndi alongo a m'bungwe lathu la Amalawi kuno ku Joni, nali lipoti la msonkhano umene munandituma Loweruka lapitali. Malisiti a takisi ndi chakudya ndapereka kale kwa amsungichuma. Amene ankadandaula kuti ndalamayo ikungowonongeka awerenge kaye mpaka kumapeto.

Chigawo cham'mawa chinali malonje ndi mbiri ya ntchito za chitetezo, palibe chimene ndingakutengereni. Nkhani inayamba kukoma ataimirira mayi wina loya. Anati aliyense wolondera molipidwa mu South Africa muno ayenera kulembetsa ku PSIRA, bungwe loyang'anira ntchito ya ulonda limene linakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 56 la chaka cha 2001, ndipo likulu lake lili ku Centurion. Munthu akhale wa zaka 18 kapena kuposa, wa mutu wabwino, wophunzira kusukulu yovomerezedwa ndi PSIRA, wosapezeka wolakwa pa milandu ikuluikulu m'zaka 10 zapitazi, ndipo amadinda zala kuti afufuzidwe. Magiredi amayambira E, kenako D, C, B mpaka A, koma makampani ambiri amafuna C. Wofuna kugwira mfuti amafunikanso satifiketi ina yochokera ku polisi, malinga ndi lamulo la mfuti la chaka cha 2000.

Tsono mutu wa nkhani ndi uwu. Ndime 23 ya lamuloli imati wolembetsa akhale nzika ya South Africa kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno. Pasipoti yathu ya Malawi siyokwana, pemiti wamba yantchito siyokwananso. Mnyamata wina wa ku Mangochi anaimirira n'kutulutsa satifiketi ya Giredi C imene anaikulunga bwinobwino m'pulasitiki. Anasunga ndalama za maganyu mpaka kulipira sukulu, mayeso anakhoza, koma atapita kukalembetsa anamubweza pakhomo. Loyayo anamuuza mosabisa kuti satifiketi ya sukulu ndi china, kulembetsa ndi china, ndipo sukulu imene inalandira ndalama zake osamufunsa mapepala inamulakwira. Mtima unandiwawa, chifukwa m'bungwe mwathu muno alipo anyamata amene tinawabwereketsa ndalama za maphunziro omwewa. Ine ndinakana pa nthawi ija, ndipo mawu anga sanalembedwe n'komwe m'maminitsi. Alembi, nkhani imeneyi ndikuyembekezerabe yankho.

Mu 2006 amayi othawa kwawo anatengera lamuloli ku Khoti la Malamulo Aakulu, pa mlandu wa Union of Refugee Women. Khoti linati lamulolo ndi lovomerezeka, koma linakumbutsa kuti ndime yomweyo ili ndi kachigawo ka 6 kamene kamalola PSIRA kulembetsa munthu wina aliyense akaonetsa chifukwa chomveka. Ena mu holo muja anaomba m'manja. Ine ndikuti tisanamizane, kakhomo kameneka n'kakang'ono, ndipo munthu amene pasipoti yake inatha masiku sangadutsepo. Amene angapindule ndi aja akhala pa banja ndi eni dziko zaka zisanu, kapena agwira ntchito ndi pemiti zaka zisanu, chifukwa iwowa angathe kupempha chilolezo chokhazikika ku Home Affairs.

Za kubwereka mapepala a munthu wina tinakambirananso, ndipo apa ndilankhula ngati m'bale wanu. Kulondera osalembetsa ndi mlandu, munthu angathe kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka zisanu. Komanso dzina lolembedwa pa pepala la malipiro si lako, ndiye ndalama za penshoni zimapita kwa mwini mapepala. Mukukumbukira m'bale wathu amene anavulazidwa ndi akuba usiku ali pageti chaka chatha? Kampani inati siimudziwa, pakuti m'mabuku mwawo munali dzina lina. Tinasonkha ndife kuti abwerere kumudzi, ndipo ena mwa ife mpaka lero sanapereke gawo lawo, chonsecho pa msonkhano ndi amene amakweza mawu.

Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti wantchito, ngakhale alibe mapepala, angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, akamubera malipiro kapena kumuchotsa mopanda chilungamo. Khoti la zantchito linagamula mu 2008 kuti munthu wotere ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo. Ambiri mwa ife sitidziwa zimenezi, timangonyamula chikwama n'kuchoka bwana akatiopseza kuti aitana apolisi.

Chigawo chamadzulo chinali cha makamera ndi mawayilesi, chokomera eni makampani.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti thumba la ngongole lisaperekenso ndalama za magiredi kwa munthu amene sanaonetse chilolezo chokhazikika, ndipo amene ali nacho ayambe afufuza ku PSIRA ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Ndikudziwa kuti a wachiwiri kwa apampando aziti ndikutsekera anyamata mwayi, koma mwayi wake uti ngati akuthera pa ngongole ndi pepala losagwira ntchito? Ndalama imeneyo iwathandize kukonza mapasipoti ku ofesi ya kazembe wathu, kapena kuphunzira ntchito zina zamanja. Loya uja wavomera kudzalankhula nafe ulere ngati tipeza malo, choncho nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa msonkhano wa mwezi wamawa.