Chithunzi chija usachifufute

Mwana wanga,

Kuno ku Dedza tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba ndipo mawondo anga ndi omwe aja. Bambo ako akupereka moni. Chithunzi unanditumizira pa WhatsApp chija ndachiona, ndipo ndatha masiku atatu osakuyankha. Usaganize kuti ndakwiya. Ndimangochitsegula, kuchiyang'ana, kenako n'kuika foni pansi pa pilo.

Mayi wakhala pamkeka, wamanga chitenje ngati wabereka mwana, koma kumbuyoko kulibe kanthu. Amayi atatu aima chomufulatira. Nkhope ya wakhala pansiyo ndi yako, palibe angaiphonye. Wati apongozi ako akuti zopita padera sazionetsa pagulu, ndiye ukundifunsa ngati upakepo utoto woyera n'kujambula china. Ine ndikuti ayi, usatero.

Pali nkhani imene sindinakuuzepo. Pakati pa iwe ndi mlongo wako panali wina. Anabadwa osalira. Amayi akuluakulu anamunyamula m'bandakucha kukamuika okha, popanda bambo, popanda nyimbo, monga amachitira ndi nthayo. Ine anandilangiza kuti ndisalire mokweza, ati ndingadzitsekere mphatso ina. Ndinamvera. Ndinabwerera kukalasi kukaphunzitsa ana a eni masamu ngati palibe chachitika. Papita zaka 31, ndipo dzana ndi pamene ndalira bwinobwino, foni ili m'manja. Bambo ako anangotuluka kukakhala pakhonde osafunsa kanthu, ndiye kuti anadziwa.

Buku la zithunzi za Frida Kahlo wa ku Mexico unaliiwala kuno pa Khirisimasi lija ndakhala ndikulitsegula madzulo. Mtsikanayo anachita ngozi ya basi mu 1925 ali ndi zaka 18, msana ndi chiuno zinathyoka, nagona miyezi osadzuka. Bambo ake anamubwereka utoto ndi mabulashi. Mayi ake anamukonzetsera chogwirizira nsalu choti azijambula chogona, ndipo pamwamba pa bedi anamuikira kalilole. Munthu amene ankamuona tsiku lonse anali iye mwini, choncho anayamba ndi nkhope yakeyo, mpaka zithunzi zodzijambula zinakwana 55. Mu 1932 ali ku Detroit anapita padera, ndipo anadzijambula ali pabedi la chipatala, magazi ali pansalu, misozi ili patsaya. Kunena zoona, zina mwa zithunzi zakezo zimandichititsa nthumanzi, sindingazipachike pabalaza. Koma ine maso anga ali pa mayi akewo. Mwana wawo atasweka thupi sanamufunditse bulangeti kumutu, anamupatsa kalilole. Ndikufuna ndikhale mayi wotero, ngakhale ndachedwa.

Akati si chikhalidwe chathu kuti mkazi ajambule zakukhosi, usakangane nawo, ndi akuluakulu. Ungokumbukira ku Chongoni kumene tinapita uli Sitandade 6, ukulirira fanta njira yonse. M'mapiri amenewa muli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawalemba m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zambiri mwa zoyera zija zimakhudza chinamwali: amayi a Chichewa ankazijambula ndi dothi loyera polangiza atsikana za thupi lawo ndi za banja. Ntchito ukugwirayi ili ndi eni ake akale. Komabe apongozi akowo sakulakwa zonse. Amayi aja ankajambula m'mapanga, ndipo tanthauzo ankauza okhawo oyenera kumva. Ankadziwa kuti chinsinsi china ndi chako, china ndi cha mnzako.

Apa ndi pamene ndikufuna undimvere. Mayi wapakati uja wavala duku la madontho, ndipo aliyense wa kubanja kwa amuna ako adziwa kuti ndi ndani. Lisinthe dukulo. Ululu wako uli nawo ufulu wouonetsa, koma kuyalutsa munthu wachikulire amene anangochita zimene nayenso anachitiridwa, zimenezo ayi. Ndani akudziwa, mwina nayenso ali ndi wake amene anapita m'bandakucha. Amayi atatuwo akhale amayi basi. Ndipotu ukatero chithunzicho chiluma kwambiri, chifukwa aliyense aziikapo azakhali ake.

Amuna akonso usawadzidzimutse. Asakachione koyamba pachionetsero, anthu ali ndi matambula m'manja. Uwaitane madzulo muli awiri, uchitsamiritse kukhoma, ukhale chete. Mwanayo anali wawonso, ndipo iwo palibe ndi mmodzi yemwe anawapepesa. Akakana kuti chituluke chaka chino, dikira, utoto suola. Koma kudikira si kufufuta.

Za ntchito, usasiye kaye. Utoto ndi nsalu ukugula m'tauni zikudya ndalama, ndipo njovu ndi Phiri la Mulanje zimene alendo amagula zija pitiriza kujambula, si tchimo, zikulipirira lendi. Ichi chokha usagulitse, ngakhale atatchula mtengo wotani. Ndipo usaine dzina lako lonse pakona, osati zilembo ziwiri zija ngati ukubisala.

Ukapeza mpata undijambulireko kanga kakang'ono. Nkhope isakhalepo. Ungojambula mitengo ya masuku m'mawa kuli nkhungu, ndi kanjira kolowa m'menemo, chifukwa amayi aja analowera cha kumeneko ine ndikusuzumira pawindo.

Ndakutumizira kachewere ndi ufa woyera pa basi ya Loweruka. Ukalandira undiimbire.

Ndine mayi ako.