Nyumba zosungiramo zinthu zakale m'midzi zisanyozere kaundula

Kwa Mkonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za nyumba zing'onozing'ono zosungiramo zinthu zakale zimene anthu a m'midzi amakhazikitsa okha. Ntchitoyi ndimailemekeza kwambiri, koma chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti khama lonse limathera posonkhanitsa zinthu, pamene kulemba mbiri ya zinthuzo kumangoyembekezera mawa.

Khasu lakale lopachikidwa pakhoma ndi chitsulo chabe ngati palibe wodziwa amene analisula, amene ankalimira ndi chimene anthu analekera kusula makasu otere. Odziwa zimenezi ndi okalamba, ndipo akutisiya mmodzimmodzi. Choncho chinthu chilichonse chikangofika, chipatsidwe nambala, chijambulidwe, kenako chilembedwe m'kaundula pamodzi ndi dzina la wochipereka, tsiku limene chalandiridwa ndi zonse zimene mwini wake akukumbukira. Palembedwenso ngati chaperekedwa ngati mphatso kapena changobwereketsedwa, chifukwa mfundo yooneka yaing'onoyi ndi imene imabutsa mikangano pakati pa komiti ndi abale, woperekayo akamwalira. Mawu a okalambawo angathe kujambulidwa ngakhale pa foni ya m'manja, bola alole okha.

Kaundula ali ndi ntchito inanso imene ambiri saiganizira. Pangano la UNESCO (nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe) la mu 1970, loletsa malonda ozembetsa zinthu zachikhalidwe, limanena kuti chinthu chobedwa m'nyumba yotereyi n'kutulutsidwa kunja kwa dziko chibwezedwe pokhapokha pali umboni wakuti chinalembedwa pa mndandanda wa katundu wa nyumbayo. Popanda cholembedwa, mudzi ulibe poyambira mlandu.

Komanso kaundula mmodzi sakwanira. Mu Seputembala 2018, moto unapsereza nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ya dziko la Brazil mumzinda wa Rio de Janeiro, momwe munali zinthu pafupifupi 20 miliyoni, ndipo zina mwa zimene zinatheratu ndi mawu ojambulidwa a zilankhulo za eni nthaka. Ngati zoterezi zinagwera nyumba yotchuka chonchi, kuli bwanji kachipinda ka m'mudzi, kamene kakulimbana kale ndi chiswe, chinyezi ndi dzuwa lofwifwitsa zithunzi ndi nsalu? Kope lina la kaundula ndi la mawu ojambulidwawo lizisungidwa m'nyumba ina, kutali ndi zinthu zenizenizo.

Tsiku la 18 Meyi, limene bungwe la ICOM, logwirizanitsa nyumba zosungiramo zinthu zakale za m'mayiko osiyanasiyana, linakhazikitsa mu 1977 kuti likhale lokumbukira nyumba zoterezi padziko lonse, lingakhale poyambira pabwino. Ndikupempha aphunzitsi kuti pa tsikulo azitengera ophunzira awo kumeneko, aliyense ndi kope ndi cholembera, kuti akakhale pansi ndi okalamba n'kulemba mbiri ya chinthu chimodzichimodzi.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa