Zigubu, mana ndi shuga wa pansi pa bedi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kawale tonse tadzuka, mvula yokha ndiyo ikuzengereza.

Lachiwiri ndinachezera pamzere wa mafuta mpaka tambala woyamba. Patsogolo panga panali bambo wina wa zigubu zisanu ndi chimodzi, ndipo mumtima ndinamutukwana ndithu. Pobwerera kunyumba m'pamene ndinakumbukira kuti pansi pa bedi langa pali mapaketi khumi a shuga, amene ndinabisa muja shuga anasowa m'magolosale.

Ndiye Lamulungu abusa n'kuwerenga Eksodo 16, ngati wina anakawatsina khutu. Mana aja, chakudya chimene Mulungu ankapatsa Aisraeli m'chipululu, aliyense ankatola muyeso umodzi wotchedwa omeri patsiku. Amene anasunga mpaka m'mawa anapeza agwa mphutsi, akununkha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi lokha ndi limene ankatola muyeso wa masiku awiri, chifukwa cha Sabata. Titafika pa pemphero la Ambuye, mawu oti "mutipatse lero chakudya chathu chalero" anandikakamira pakhosi.

Komatu sindinagonje msanga. Nanga Yosefe sanasunge gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola kwa zaka zisanu ndi ziwiri? Agogo athu ankamanga nkhokwe, ndipo palibe mkulu wa mpingo anawanena kuti ndi osakhulupirira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi matumba a chimanga anapumako, ife osunga ndalama tinalira. Musaiwalenso kuti Yosefe yemweyo chimangacho ankagulitsa, mpaka Aejipito anapereka ziweto ndi minda yawo kwa Farao. Chaputala 47 cha Genesis chimenecho sindinamvepo chikulalikidwa.

Amene wandigwira pamkono ndi Paulo. Pa 2 Akorinto 8:15 akutchula mana omwewo, koma nkhani yake ndi chopereka chothandizira abale osauka a ku Yerusalemu: wotola zambiri sanatsale nazo, wotola pang'ono sanasowe. Ine ndinkayesa kuti mana akundiletsa kuganizira za mawa. Paulo akundiloza khomo la mayi wamasiye amene timamwa naye mpopi umodzi, amene ana ake amamwa tiyi wosathira kanthu.

Ndamupatsa mapaketi awiri. Asanu ndi atatu akadali pansi pa bedi, ndipo akazi anga akuti nyerere zayamba kale.

Mundiyankhe, inu amene mumatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse: mumadzisiyira zingati?

Ine mnzanu wa ku Kawale