Mwana wofuna kusanza kwa dokotala wa mano sachita mwano

A Mkonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi makolo anzanga komanso ogwira ntchito za mano pa khalidwe limene timaliyesa mwano wa ana, pomwe gwero lake ndi mmene thupi linapangidwira. Dokotala akalowetsa kagalasi kapena kapaipi koyamwa malovu chakumbuyo kwa kamwa, ana ena amayamba kuchita ngati akusanza, misozi n'kulengeza m'maso, ndipo ena amasanzadi. Pachipatala china ndinaona bambo akukalipira mwana wawo kuti, "Iwe, yasamula bwinobwino, usandichititse manyazi," kwinaku atamupanikiza mapewa, ndipo zinandipweteka mtima kwambiri.

Kumbuyo kwa lilime, kumwamba kwa kamwa chakummero ndi m'mbali mwa mmero muli mitsempha imene ikangokhudzidwa imatumiza uthenga ku ubongo, ndipo minofu ya kukhosi imakankhira chinthucho kunja kuti munthu asatsamwe. Mwana sasankha kuchita zimenezi, ndipo sangazisiye chifukwa chowopsezedwa. Mantha ndiwo amazikulitsa, moti mwana amene anagwiridwapo mwamphamvu amatha kuyamba nseru atangomva fungo la mankhwala kapena kulira kwa makina, dokotala asanamukhudze n'komwe. Chovuta china n'chakuti mano aakulu akumbuyo, amene amamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6 ndipo sadzalowedwanso m'malo ndi ena, amabooka msanga, choncho ntchito yambiri imachitikira pafupi ndi malo ovutawo.

Njira zambiri zothandizira sizilira ndalama. Mwana auzidwe m'mawu osavuta zimene zichitike, aone chipangizocho, achigwire, ndipo agwirizane ndi dokotala kuti akakweza dzanja ntchito iyambe yaima. Aphunzitsidwe kupuma ndi mphuno pang'onopang'ono, chifukwa kupuma kotere kumachepetsa nseru; n'chifukwa chake mwana amene mphuno zatsekeka ndi chimfine ndi bwino kumusinthira tsiku, ngati dzino silinafike potupitsa tsaya. Kumukhazika chowongoka m'malo momugoneka chagada kumathandiza kuti madzi ndi malovu zisaunjikane kummero, ndipo kumuuza kuti anyamule mwendo umodzi kapena awerenge manambala chamumtima kumachotsa maganizo ake pakamwa. Zikakanika, dokotala angapake kapena kupopera mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo pojambula mano agwiritse ntchito zipangizo za msinkhu wa ana.

Makolofe tili ndi gawo lathu. Tisamudyetse mwana nsima yokhuta atatsala pang'ono kulowa m'chipindacho, ndipo tileke kuwopseza ana kuti akapulupudza tikawazulitsa mano. Kunyumba, mwana azolowere kutsuka lilime ndi mswachi wofewa, kuyambira kutsogolo, n'kumasendera chakumbuyo pang'ono tsiku ndi tsiku, osamukakamiza.

Dziko lathu linayamba kuphunzitsa madokotala a mano ku College of Medicine, imene tsopano ili m'sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), m'chaka cha 2019 mogwirizana ndi University of Glasgow, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya umoyo wa m'kamwa. Ndikupempha aphunzitsi a kumeneko, pamodzi ndi a Malawi College of Health Sciences amene amaphunzitsa ambiri mwa otithandiza m'zipatala za m'maboma, kuti luso logwira mwana wamantha alipatse nthawi yokwanira m'maphunziro. Ndikudziwa kuti mizere m'zipatala imatalika ndipo ogwira ntchito ndi ochepa, koma mwana amene wachoka akulira amabisa dzino lowawa mpaka litawola kotheratu, n'kudzabwera pamene chatsala n'kuzula basi. Pempho langa kwa aliyense wogwira ntchitoyi n'lakuti asanatenge chipangizo chilichonse, ayambe wafunsa kholo ngati mwanayo amachita nseru potsuka mano.

Kholo lokhudzidwa,
Zomba