Dandaulo langa pa hard drive yafeki yomwe munandigulitsa

Bwana Manijala,

Ndabwera pa shopu yanu ku Limbe kawiri konse koma anyamata anu a pakauntala akungondizemba, ndiye ndati ndilembere inuyo eni ake. Mwezi watha ndinagula kwa inu hard drive yomwe pabokosi pake palembedwa 2TB (kutanthauza malo osungira zinthu okwana pafupifupi 2,000GB), risiti ndili nayo, ndipo amene anandigulitsa ananditsimikizira kuti ndi orijino. Bwana, chinthuchi ndi feki.

Mwina muona ngati ndikulirira ndalama zokha ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaikamo. Malemu bambo anga ankatsogolera kwaya kumpingo kwathu ku Ntcheu ndipo ankakonda kujambula pa kaseti, nyimbo za Khrisimasi, za paukwati, za pamaliro, pena mpaka mawu awo amamveka akuuza azibambo a besi kuti ayambirenso. Makasetiwo analipo 62, ambiri a C90, aja a mphindi 90. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 madzi analowa m'nyumba mwathu ku Chilobwe katoni yake n'kunyowa, kuchokera pamenepo ena anayamba kuchita nkhungu ndipo ndinadziwa kuti ndikazengereza atha onse. Ndinabwereka wailesi ya kaseti kwa mnzanga, ndikaweruka kuntchito ndimalumikiza ku laputopu n'kumajambula imodziimodzi, paja kaseti siithamangitsidwa, ya mphindi 90 umadikira mphindi 90 zomwezo, magetsi akathima pakati wailesi yaima basi uyambirenso. Ndimasunga ngati WAV, mtundu wa fayilo ya mawu yosapanikizidwa, kuti mawu asaonongeke, mphindi imodzi imadya pafupifupi 10MB ndiye zonse zinapitirira 50GB. Makaseti 11 anaduka kapena kutafunidwa ndi wailesi nditangomaliza kuwajambula, kunali kulira kwawo komaliza.

Laputopu itadzadza ndi pomwe ndinabwera kwa inu. Ndinakopera zonse, ndinatsegula mafoda oyambirira zikulira bwinobwino, ndinafufuta za mu laputopu kuti ndipeze malo a zantchito. Patatha masabata awiri mayi anga anabwera kuchokera kumudzi, madzulo titadya anati mwanawe tandiikira ija abambo ako ankayimbitsa pa Pasaka. Ndinatsegula foda, dzina la nyimbo lilipo, saizi yake ikuoneka, koma kudina osalira. Ina, osalira. Mayi anakhala pamkeka manja ali pamiyendo kudikira, mpaka anangoti zisiye mwanangu tidzamvera mawa, n'kukagona. Ine usiku umenewo tulo sindinatione.

Wokonza makompyuta anaiyeza ndi pulogalamu ya H2testw ine ndikuona, ndipo malo enieni anapezeka 29GB basi. Anandifotokozera kuti m'zinthu zotere amaikamo kamemori kakang'ono n'kukachuna kuti kazinamiza kompyuta kuti ndi 2TB, kakadzadza kompyuta imangoonetsa kuti ikukopera pomwe zinthuzo zikutayika, mayina okha ndi amene amatsala. Za mu laputopu anayesa kuzibweza zinakanika chifukwa ndinali nditaikamo kale zina. Pafupifupi theka la nyimbo lapita, ndipo makaseti 7 mwa oduka aja ali m'gulu lomwelo.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi mayankho a anyamata anu. Ulendo woyamba akuti ndinalowetsamo vairasi. Wachiwiri akundilozera pa risiti kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, wina n'kuonjezera kuti masiku ano nyimbo anthu akumvera pa Spotify ndi Boomplay ndiye ndisadandaule. Spotify inafika kuno ku Malawi mu 2021 ndipo ine ndimaigwiritsa ntchito ndikakhala ndi bandulo, koma kwaya ya bambo anga ya ku Ntcheu ndikaipeza pati m'menemo? Ndani anakaiikamo? Zinthu ngati izi timasunga tokha kunyumba, n'chifukwa chake munthu amagula hard drive, amakhala wakukhulupirirani.

Ndikupempha mundibwezere ndalama zanga zonse, osati kundisinthira ina ya mtundu omwewo ayi. Komanso Loweruka ndinaona ma drive ena ngati omwewa adakali pa shelefu, chonde achotseni muwayeze kaye, ndipo amene anagula kale muwadziwitse msanga asanafufute zithunzi za ukwati kapena za ana awo. Ngati inunso anakupusitsani ndi amene amakuodetsani katundu nenani, ndimva, koma musakankhire mlanduwu kwa ine. Pakatha masiku 14 osandiyankha ndikapereka nkhaniyi ku CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, pamodzi ndi risiti, bokosi ndi zotsatira za kuyeza kuja.

Makaseti otsalawo ndayambanso kuwajambula, ndili pa nambala 9. Mayi sindinawauzebe kuti ya Pasaka ija inali pa kaseti yoduka.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Chilobwe, Blantyre