Lipoti la Msonkhano wa Mfuti Zoombera Ndege za ku Germany ndi Mmene Zimaonekera m'Mafilimu

Apampando, alembi, asungichuma ndi mamembala anzanga nonse, ndabwerako bwino. Munandituma kuti ndikakhale maso ndi makutu anu pamsonkhano wa masiku awiri umene unakumanitsa osamala zida zakale za nkhondo ndi anthu ogwira ntchito za mafilimu. Ndathokoza chifukwa cha ndalama ya sitima ndi ya malo ogona imene munasonkha. Munandisenzetsanso funso lija linatizunguza usiku umene tinaonera filimu ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ija, Saving Private Ryan: mfuti ija asilikali a ku Germany ankaikoka ndi manja m'misewu ya tauni yogumuka inali mfuti yanji, nanga inalipodi kapena ndi zongopeka?

Inalipodi. Dzina lake ndi Flak 38, ndipo ndaikhudza ndi manja angawa. Mawu akuti Flak ndi chidule cha mawu a Chijeremani otanthauza mzinga woteteza ku ndege. Pakamwa pa mpope wake ndi masentimita 2 okha, n'chifukwa chake imawerengedwa m'gulu la mfuti zopepuka, kusiyana ndi chimzinga chotchuka chija cha 88, chimene pakamwa pake ndi mamilimita 88. Tauni ya m'filimu ya 1998 ija, Ramelle, ndi yopeka, ndipo akasinja otchedwa Tiger amene tinaona ndi akasinja a T-34 a ku Soviet Union amene anangowaveka thupi lina. Koma zoti mfuti yoombera ndege ankaiweramitsa n'kuilozetsa kwa anthu a pansi, zimenezo zinkachitikadi kawirikawiri. Chipolopolo chake chimaphulika chikakhudza chinthu. Anachipangira kung'amba phiko la ndege, ndiye taganizani chikapeza munthu.

Mbiri yake ndiidutsa mwachangu. Pangano la ku Versailles la 1919 linaletsa dziko la Germany kupanga zida zambiri, choncho kampani ya Rheinmetall inakachitira ntchitoyi mozemba ku Solothurn, m'dziko la Switzerland. Kumeneko n'kumene kunachokera Flak 30, imene inayesedwa pankhondo yapachiweniweni ya ku Spain. Itaoneka kuti ikuchedwa kulavula zipolopolo pamene ndege zikunka ziwonjezera liwiro, kampani ya Mauser inaikonzanso n'kukhala Flak 38. Mu 1940 anamanga mipope inayi pachitsulo chimodzi, n'kuitcha Flakvierling 38. Anaziika paliponse: pamalole, pasitima zapamtunda, pasitima zapamadzi, pamadenga a mafakitale, ndipo mu 1944 anaika ya mipope inayi ija pathupi la kasinja wa Panzer IV n'kumutcha Wirbelwind, kutanthauza kamvuluvulu.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhala mumtima chibwerereni.

Masana a tsiku loyamba anatilowetsa m'chipinda mmene munali Flakvierling yophedwa kale, yosathanso kuombera. Ndinaloledwa kukhala pampando wa woombera. Ndi kampando kachitsulo kozizira, ngati ka pathirakitala yakale. Dzanja lina limapukusa chiwongolero chotembenuzira mfuti uku ndi uku, lina chokwezera ndi kutsitsira mipope, ndipo kuomberako kumachitika ndi mapazi. Pali zopondera ziwiri. Ukaponda chimodzi, imalira mipope iwiri yopingasana, wa m'mwamba mbali ina ndi wa m'munsi mbali inayo. Ndinafunsa chifukwa chake. Wosamala zidayo sanayankhe ndi pakamwa, anangondinyamulitsa kabokosi kachitsulo kokhota pang'ono, kamene asilikali amati magazini. Mumalowa zipolopolo 20 basi.

Anzanga, tiyeni tiwerengere limodzi. Mpope umodzi wa Flak 38 umatha kulavula zipolopolo pafupifupi 450 pamphindi imodzi ukamalira osapuma. Ndiye kuti zipolopolo 20 zimatha masekondi atatu asanakwane. Phu-phu-phu, zii. Pamenepo wina azule magazini yopanda kanthu, alowetse yodzaza, kwinaku ndege ikubwera ndi moto wake. N'chifukwa chake mipope iwiri inkalira pamene iwiri inayo ikudyetsedwa. Gulu lodziwa ntchito linkafikitsa zipolopolo pafupifupi 800 pamphindi pa Flakvierling, kumene kuli kusintha magazini 40 pamphindi imodzi. Ine ndinayesa kulowetsa imodzi yokha, yopanda kanthu, masanasana popanda wondiombera, koma inandikanira kawiri isanakhale m'malo mwake.

Izi m'mafilimu sitiziona. Timaona mipope ikugwedezeka mosalekeza ngati madzi a pampopi, woombera atakukuta mano. Amene akudyetsa mfuti kamera siwasamala. Mayi wina wodula ndi kulumikiza zithunzi za mafilimu anavomera poyera kuti kusintha magazini amakudula dala chifukwa kumaziziritsa nkhani. Ine sindinagwirizane naye, ndipo ndinaimika dzanja n'kunena. Kwa ine nkhani yeniyeni ili pa manja odyetsawo, makamaka tikafunsa kuti anali manja a yani.

Yankho linabwera mawa lake kuchokera kwa mphunzitsi wa mbiri yakale wa ku Germany. Kuyambira mu February 1943, amuna atachepa chifukwa cha nkhondo ya ku Soviet Union, boma la Hitler linayamba kutenga ana a sukulu obadwa mu 1926 ndi 1927, anyamata a zaka 15 mpaka 17, kalasi yonse pamodzi, n'kukawaika pamfuti zoombera ndege, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Ankawatcha Luftwaffenhelfer, othandizira asilikali a m'mlengalenga, ngakhale ambiri amangoti Flakhelfer. Aphunzitsi ankawatsatira komweko kukawaphunzitsa masana, usiku anawo ali pamfuti. Mmodzi mwa iwo anali Joseph Ratzinger, amene anadzakhala Papa Benedict XVI. Anatengedwa mu 1943 ali ndi zaka 16 kudera la Munich. Wina anali Günter Grass, mlembi amene anadzalandira mphoto ya Nobel. Pambali pa anawa panalinso akazi, komanso akaidi a nkhondo a ku Soviet Union amene ankasenzetsedwa mabokosi a zipolopolo. Sindikunena izi pofuna kuchotsera mlandu dziko limene linayambitsa nkhondo n'kupha anthu mamiliyoni. Mfutizi zinkateteza ulamuliro woipitsitsa. Koma ulamuliro womwewo unadyanso ana ake, ndipo ambiri mwa ife tili ndi ana a msinkhu umenewo m'nyumba.

Gawo limene ndinakondwera nalo kwambiri linali la The Dam Busters, filimu ya 1955. Imasimba za usiku wa pa 16 mpaka 17 May 1943, pamene ndege 19 za mtundu wa Lancaster zinanyamuka ku England kukaphwanya madamu a ku Germany ndi mabomba odumpha pamadzi. Kuti bombalo lidumphe bwino, ndege inkayenera kuuluka mamita 18 okha pamwamba pa madzi, mowongoka, osakhota. Pansi choncho chimzinga cha 88 sichithandiza. Pamenepo ndi pabwalo pa mfuti zopepuka, zimene mphamvu yake imathera cha pa mamita 2,200. Damu la Möhne linali ndi mfuti za masentimita 2, zina zili pansanja za damulo, ndipo ndege ya John Hopgood inaomberedwa pomwepo n'kugwa ikuyaka. Damu la Eder linalibe mfuti. Usiku umenewo ndege 8 sizinabwerere, ndipo amuna 53 anafa. Kumunsi kwa madamu madzi anapha anthu oposa 1,200, ambiri mwa iwo akapolo a ntchito ndi akaidi ochokera kumayiko ena, ochuluka ali akazi a ku Soviet Union. Za amenewa filimuyo ili chete.

Anatiimitsira chithunzi pamene timadontho toyera tikukwera kulunjika ndege. Timadontho timeneto anachita kuwonjezera pafilimu pambuyo pojambula, ndipo masiku ano timaoneka tachibwana. Komabe pa mfundo imodzi analondola kuposa mafilimu ena a makompyuta: mfuti yopepuka imadziwika ndi mizere ya moto, chifukwa zipolopolo zake zimayaka kumbuyo kuti woombera aziona kumene zikupita. Utsi wakuda uja umatumphuka m'mwamba ngati maluwa ndi wa mizinga ikuluikulu, imene zipolopolo zake zimatcheredwa nthawi yophulikira. Mukadzaona filimu ikuonetsa kamfuti ka masentimita 2 pansi kenako chiutsi chakuda pakati pa ndege zouluka m'mwambamwamba, dziwani kuti asakaniza ziwiri. Achinyamata athu okonda Star Wars adziwenso kuti nkhondo yomaliza ya m'filimu ya 1977 ija inatengera zambiri ku The Dam Busters.

Panakambidwanso za zithunzi zenizeni za nthawi ya nkhondo zimene timaziona m'mapologalamu a mbiri pa TV ndi pa YouTube. Zambiri zinachokera ku Die Deutsche Wochenschau, nkhani za pakanema za mlungu ndi mlungu zimene unduna wa Joseph Goebbels, wofalitsa zokopa anthu m'boma la Hitler, unkaziyang'anira. Anazijambula kuti anthu alimbe mtima, osati kuti adziwe zoona. Tizionera, koma tizikumbukira mwini kamera.

Bambo wina mwa ife anandipempha kuti ndifunse ngati agogo athu a King's African Rifles anakumana nazo mfutizi. Pankhondo yachiwiri ya padziko lonse asilikali a ku Nyasaland anamenyana ndi a ku Italy ku Somaliland ndi ku Abyssinia (Ethiopia), kenako ndi a ku Japan ku Burma, osati ndi a ku Germany. Ubale ulipo umodzi: mfuti ya ku Italy yotchedwa Breda 35 inkadya zipolopolo zofanana ndendende ndi za Flak 38.

Gawo la mfuti za masentimita 3.7 ndinalilowa mochedwa chifukwa linawombana ndi la madamu lija, ndiye mundikhululukire, sindinenapo kanthu.

Pempho langa ku komiti ndi loti mwezi wamawa tionere The Dam Busters, ndipo tiitane ana athu a ku sekondale adzakhale nafe. Ndidzabwera ndi katoni yodula molingana ndi kukula kwa magazini ija pamodzi ndi wotchi, kuti aliyense adzayese kusintha m'masekondi atatu tisanakambe za anyamata a 1943 aja. Zithunzi zimene ndinajambula ndatumiza kwa alembi kuti aziike pagulu lathu la WhatsApp. Malisiti a sitima ndi a malo ogona, pamodzi ndi chenji chotsala, ndidzapereka kwa asungichuma Loweruka.