Masiku atatu a m'manda aja ndi lero, mawa ndi mkuja

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa mkangano wina umene umabuka chaka ndi chaka Pasaka ikamayandikira. Ulendo uno ndinaumvera mu minibasi pochokera ku Limbe, mnyamata wina wooneka kuti sukulu anapita ndithu anapanikiza amayi ena ovala yunifolomu ya kutchalitchi, mpaka amayiwo anangothera kunena kuti "mwana wanga iwe ingokhulupirira basi." Zinandiwawa, chifukwa funso lake linali labwino ndipo yankho lilipo, kungoti ine ndinali nditafika potsikira ndipo kondakitala sadikira za Baibulo.

Mnyamatayo amati pa Mateyu 12:40 Yesu ananena yekha kuti monga Yona anakhala m'mimba mwa chinsomba masiku atatu usana ndi usiku, iyenso adzakhala m'manda chimodzimodzi. Ndiye ngati anafa Lachisanu cha m'ma 3 koloko masana n'kuuka Lamulungu mbandakucha, usiku ndi uwiri wokha, maola sakufika ndi 40 omwe, nanga 72 ali kuti? Iye akuti ulosi unalephera, abusa amangotibisa.

Achimwene, vuto mwatenga wotchi ya pafoni n'kukayeza nayo anthu amene analibe wotchi. Ayuda tsiku lawo limayamba dzuwa likalowa, osati 12 koloko usiku ayi, ndipo kachidutswa ka tsiku ankakawerenga ngati tsiku. Yosefe wa ku Arimateya anathamanga kukapempha mtembo kwa Pilato n'kuuika dzuwa lisanalowe chifukwa Sabata limayamba, limenelo tsiku loyamba. Sabata lonse ali m'manda, lachiwiri. Loweruka dzuwa litangolowa Lamulungu linali litayamba kale, lachitatu. Ndipo ife Amalawi sitikuyenera kudabwa nazo izi, nanga si timawerenga chimodzimodzi? Munthu akafika pa maliro Lachisanu madzulo, n'kuchezera pa siwa, Lamulungu m'mawa mwambo utatha n'kubwerera, akafika kunyumba amati ndakhalako masiku atatu kumaliro ndipo palibe amene amamutulutsira kakyuleta.

Ngati mukuona ngati ndikungodzikhululukira, tsegulani Estere 4:16. Estere anauza Ayuda a ku Susani kuti asale kudya masiku atatu usiku ndi usana, akatero iye akalowa kwa mfumu. Koma 5:1 ikuti analowa tsiku lachitatu, osati lachinayi. Mawu ake ndi ofanana ndi a kwa Yona aja. Ngakhale adani ake a Yesu anamva choncho, pa Mateyu 27:63-64 ansembe aakulu ndi Afarisi anauza Pilato kuti munthu uja ankati adzauka atapita masiku atatu, kenako pempho lawo linali loti manda alonderedwe kufikira tsiku lachitatu basi. Akanakhala kuti amawerenga maola 72 bwenzi atapempha alonda mpaka lachinayi. Anthu awiri aja a panjira ya ku Emau nawonso, akuyenda Lamulungu lomwelo, anati lero ndi tsiku lachitatu chichitikireni zimenezi. Ndikudziwa kuti pali ena amene pofuna kukwanitsa 72 amasuntha imfa ya Yesu kupita Lachitatu, koma Marko 15:42 akunena poyera kuti linali tsiku lokonzekera, loti mawa lake Sabata, ndiye ine sindiona chifukwa chovutikira choncho.

Koma chimene ndikanakonda kwambiri kumuuza mnyamata uja n'chakuti tsiku lachitatulo lili ndi ntchito yake. Kumbukirani kwa Lazaro, Yesu atati chotsani mwala, Marita anakaniza nati Ambuye wayamba kununkha, lero ndi tsiku lachinayi. Kunalibe mochale nthawi imeneyo, aliyense ankadziwa zimene thupi limachita likagonera. Tsono Masalimo 16:10 amati Mulungu sadzasiya moyo wa wokondedwa wake kumanda kapena kumulola kuti avunde. Vesi imeneyi ndi imene Petro anaimirira nayo pa Pentekoste mu Machitidwe 2, ndipo mfundo yake ndimaikonda chifukwa ndi yosazungulira: Davide amene anaimba salimoli anafa, anaikidwa, manda ake ali konkuno mpaka lero, ndiye sankanena za iye mwini. Petro amalankhula izi mu Yerusalemu momwemo, patangopita masabata asanu ndi awiri Yesu atauka, pamaso pa anthu oti akanatha kuyenda wapansi kukasuzumira manda onse awiri, a Davide ndi a Yesu. Paulo anabwerezanso zomwezo mu sunagoge ku Antiokeya wa ku Pisidiya, Machitidwe 13, kuti Davide anavunda koma amene Mulungu anamuukitsa sanavunde.

Pano ndiwadzudzuleko pang'ono alaliki athu. Si vesi iliyonse yotchula manda imene ikunena mwachindunji za Yesu. Mafupa ouma a pa Ezekieli 37 aja, amene timawamva pafupifupi pa msonkhano wachitsitsimutso uliwonse, mneneri mwini wake ananena pa vesi 11 kuti ndi nyumba yonse ya Israeli, anthu amene anali ku ukapolo ku Babulo atataya chiyembekezo. Hoseya 6:2 naye, wonena zotiukitsa tsiku lachitatu, poyamba amalankhula za mtundu wobwerera kwa Mulungu wake, Akhristu anadzaona Khristu m'menemo pambuyo pake. Palibe cholakwika kunena zimenezi pa guwa. Ophunzira a Yesu enieniwo sanazimvetse zisanachitike, Yohane 20:9 akuvomera kuti anali asanazindikire lembo loti ayenera kuuka, n'chifukwa chake amayi aja anapita kumanda ndi zonunkhira zokadzoza mtembo, osati kukachingamira munthu wamoyo. Achinyamata a masiku ano amafufuza chilichonse pa intaneti, ukawabisira mbali imodzi amaipeza okha kenako amati zonse ndi bodza.

Mnyamata wa jekete yofiira amene munakhala mpando wakumbuyo tsiku lija, ngati mumawerenga nyuzipepala ino, yambani ndi Estere 4 ndi 5, ndi machaputala aafupi oti mutha kumaliza musanafike pa Ginnery Corner.

Wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre